Gologolo, Chikole cha kwa Chiswe

Padangotero, kale nyama zikadali kulima ndi makasu, panali mudzi wina umene unali ndi nkhokwe imodzi ya onse. M'nkhokwe imeneyo ndi mmene munkachokera chakudya cha odwala, cha ana amasiye, cha okumba chitsime ndi cha okonza ulalo mvula ikaukokolola. Lamulo lake linali lakale ndiponso losavuta: pokolola, mayi wa pakhomo lililonse abwere ndi lichero limene amapetera, lodzaza chimanga, akhuthule m'nkhokwemo. Kwa Mbewa lichero limodzi. Kwa Njati, amene anali ndi nkhokwe khumi ndi ziwiri kuseri kwa nyumba yake, lichero limodzi. Ankati chilungamo ndi chimenecho, ndipo amene ankanena mokweza kuposa onse anali Njati.

Wosunga nkhokweyo anali Gologolo. Anali wochenjera, koma tsoka lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi wochenjera. Mkazi wake anali Nachisale, ndipo chaka chimenecho anali woyembekezera mwana wawo woyamba.

Njala itafika pachimake, chimanga cha m'munda chisanamasule n'komwe, Gologolo analowa m'nkhokwe napalasa pansi. Anapezamo anankafumbwe okhaokha. Anakanena kwa mfumu Ntchefu, ndipo mfumu inaitanitsa bwalo. Ntchefu anali mfumu yofatsa. Sankafuna kukhumudwitsa aliyense, moti awiri akabwera ndi mlandu, onse ankabwerera kwawo atauzidwa kuti akhoza.

Pabwalopo Gologolo anaima pachitsa kuti aoneke.

"Lichero la a Mbewa ndi chakudya cha mwezi wathunthu pakhomo pawo," anatero. "Lichero la a Njati ndi zimene zimatayikira pansi akamakonola. Ine ndikuti amene ali ndi nkhokwe zambiri azithira dengu limodzi pa nkhokwe iliyonse. Palibe amene adzagone ndi njala chifukwa cha zimenezo."

Njati anadzuka pang'onopang'ono. Ndipo tisamunamizire, Njati sanali waulesi: ankafika m'munda anzake akadali kuyasamula. Ananena kuti chimanga chake sichinagwe kumwamba. Ananena kuti theka la mudzi limadya ganyu wa m'munda mwake, ndipo ngati kulima kwasanduka mlandu iye asamukira kutsidya, tione amene adzawapatse ganyu. Kenako anafunsa kuti chimanga cha chaka chatha chinapita kuti chonse. Kodi china sichinafulidwe mowa wa alendo a mfumu? Apa Ntchefu anayang'ana pansi. Gologolo nayenso anayang'ana pansi, pakuti mowa umenewo anamwa nawo.

Ndiye anayankhula Mvuu, amene pa chuma ankatsatana ndi Njati. Anati palibe chifukwa chokanganira pachibale pamene kuchulu kuli chakudya chosatha. Manthu, mayi wa chiswe chonse, amakongoza: utenga madengu khumi, ubweza makumi awiri pokolola. Fuko, mnzake wa Gologolo wa pamtima, anafunsa kuti makumi awiriwo adzabweza ndani. Mvuu anati pofika nthawi imeneyo adzakhala atakolola. Yankho limeneli linakomera onse, chifukwa kukolola kunali kutali.

Mfumu inagamula kuti Gologolo wanena zoona, Njati wanena zoona, Mvuu nayenso wanena zoona. Koma chaka chino chokha, mudzi ukongole madengu khumi.

Panatsala nkhani imodzi. Manthu sankalandira khasu kapena mkanda ngati chikole. Ankafuna wamoyo, wa m'mudzi momwemo, akakhale pachulu mpaka dengu lomaliza litabwerera. Njati anati iye angagumule chulu. Mvuu anati sangatalikire madzi. Mbewa anali wamng'ono kwambiri, Manthu akanayesa chipongwe. Maso onse anatembenukira pachitsa.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero Njati.

Gologolo anaseka. Anauza Nachisale kuti miyezi inayi si chaka, ndipo amene angamusunge iye pachulu kupitirira pamenepo sanabadwe. Anamanga kaphukusi kake napita akuimba mluzu.

Mluzuwo unatha tsiku lachiwiri. Chiswe sichilankhula pantchito, ndipo ntchito yake sitha. Chilibenso maso. Gologolo ankapereka moni m'mawa, chiswe n'kumangodutsa pa mapazi ake chitasenza dothi. Ankanena nthabwala, palibe woseka. Ankatukwana, palibe wokwiya. Manthu anali m'kati mwenimweni, wonenepa moti sankatha kutembenuka, ndipo ankayankhula kudzera pa una wa pamwamba, mwina kamodzi pa mwezi. Amene ankamuyandikira Gologolo anali Gang'a yekha, msilikali wa mutu waukulu amene ankamulondera, koma uyu pakamwa pake panali pa kuluma, osati pa kucheza. Gologolo, amene kwawo sankatha kudya osayankhula, anasungulumwa mpaka anayamba kudzifunsa yekha kuti wadzuka bwanji.

Anapeka nyimbo. Inali youza Nachisale kuti asapinde mphasa yake ndipo asabwereketse khasu lake, pakuti chimanga chikacha mwiniwake abwera. Inali nyimbo ya mtundu uja wofuna ovomera: woimba amatsogola, n'kusiya mpata kuti anzake alandire. Gologolo ankatsogola, n'kusiya mpata. Mumpatamo munkangomveka chiswe chikutafuna.

Pokolola, mwambo unkalola chikole kupita kwawo masiku atatu kukasonkhanitsa zobweza. Gologolo ananyamuka, Gang'a atamuluma kumchira kuti asathawe. Anapeza Nachisale ali ndi mwana wamkazi kumbuyo, dzina lake Naliyela. Anamunyamula chiimire, chifukwa ndi Gang'a kumchira sakanatha kukhala pansi bwinobwino. Atamubweza kwa amake anawerengera makomo a m'mudzi naona kuti malichero onse sangakwane ngakhale madengu asanu ndi awiri.

Anapita kwa Njati mwini nyumba ali kumunda, napeza mayi wa pakhomo akupeta.

"Amayi, lichero ili ndi lanu, kapena ndi la ana la kumasanje?"

"Bwanji?"

"Ayi, palibe. Kungoti ndachokera kwa a Mvuu. Lichero limene ndaona kumeneko, mwana akhoza kugonamo. Paja amati pakhomo pa chuma pamadziwika ndi lichero."

Atachoka apo anapita kwa mkazi wa Mvuu nanena mawu omwewo, kungosintha mayina. Dzuwa lisanapendeke, Tchete woluka anali ndi amayi awiri pakhomo, aliyense akufuna lichero loposa la mnzake. Mkazi wa Nguluwe anamva, mkazi wa Chipembere anamva. Malichero akale anawataya kudzala kuti asawachititse manyazi. Tsiku lachitatu, lothira m'nkhokwe, amayi a makomo aakulu analibe lichero lina koma atsopanowo, ndipo panalibe amene akanalola kufika nalo losadzaza pamaso pa anzake. La kwa Njati ananyamula anayi. Madengu makumi awiri anakwana, linanso n'kutsala.

Gologolo anauza Nachisale kuti ayale mphasa.

Koma chimanga sichikanachoka popanda bwalo. Njati anafika akufwenthera ndi ukali, koma anayankhula mofatsa. Anati akatumiza madengu onse, nkhokwe ikhalanso yopanda kanthu ngati poyamba. Bwanji osangotumiza khumi a chiwongoladzanja, khumi enawo atsale adyetse amasiye? Chikole chilipo kale, ndipo chazolowera. Gang'a anamasula mchira pang'ono, nanena kuti Manthu zotere sakana, nalumanso. Mfumu inati Gologolo wagwira ntchito yotamandika, Njati nayenso waganizira amasiye. Chaka chino chokha, zikhale choncho. Tsiku lomwelo anapachika pa mtengo wa pabwalo kalichero kofanana ndi ka Mbewa, kuti kuyambira pamenepo aliyense azithirira komweko.

Gologolo anabwerera kuchulu. Nyimbo ija anaiwonjezera ndime yotchula Naliyela, yomuuza kuti asafulumire kuyenda, adikire dzanja la bambo ake. Mpata wa ovomera ankausiyabe.

Chaka chimenecho kunabwera Ngaka, mdani wamkulu wa chiswe, nayamba kukumba chulu ndi zikhadabo zake. Gologolo akanatha kungoonerera. Koma anali atatha miyezi osachenjerera aliyense, ndipo nzeru zinkamuyabwa. Anakuwa kuti kukubwera agalu. Ngaka akachita mantha amadzipinda ngati nkhata, ndipo anadzipindadi. Gologolo anangomukankha ndi phazi, Ngaka n'kugubuduka mpaka m'chigwembe. Kuchokera pamenepo Gologolo anakhala maso a chulu. Ankauza chiswe kuti mvula yeniyeni ndi iti, kuti ngumbi, ana a Manthu a mapiko aja, zituluke nthaka itafewa. Ankaingitsa nkhanga. Ankachita zonsezi kuti tsiku lithe, ndiponso chifukwa Manthu akakondwa ankayankhula naye mawu awiri atatu. Munthu wosungulumwa amagula mawu pa mtengo uliwonse.

Pokolola pachiwiri anapitanso kwawo, Gang'a ali kumchira. Naliyela anali atayamba kale kuyenda. Ataona mlendo wokhala ndi chinthu cholendewera kumchira, anathawira kuseri kwa amake nalira. Nachisale anali ataonda. Anamuuza mwamuna wake kuti denga likudontha, kuti munda walima theka, ndipo kuti lichero la pakhomo pawo anathira ngati wina aliyense. Sanadandaule, anangonena. Gologolo akanakonda kuti amukalipire.

Ulendo uno anapita kwa Njati mwiniwake, namunong'oneza ngati wachibale. Anati iye amakhala pachulu, amamva zimene ena samva. Chiswe chatopa ndi kudikira, ndipo chikabwera chiyamba ndi nkhokwe zazikulu, chifukwa mizati yake ndi yonona. Nkhokwe imodzi yokha ndi imene sichingakhudze, ya mudzi, pakuti m'menemo ndi mmene chimayembekezera malipiro ake. Njati anayang'ana mchira wa Gologolo, naona Gang'a ali duu osatsutsa. Sanadziwe kuti Gang'a akaluma samva za m'mbali. Madzulo a tsiku lomwelo Njati, Mvuu ndi anzawo anali kalikiliki kututira chimanga chawo m'nkhokwe ya mudzi kuti chibisale. Anaiwala lamulo limene ngakhale mwana amalidziwa, lakuti cholowa m'nkhokwe ya mudzi ndi cha mudzi.

M'mawa mwake pabwalo Gologolo anawakumbutsa lamulolo. Ang'onoang'ono anaseka mpaka kugwira nthiti. Chimanga chinalipo chokwana kubweza ngongole yonse ndi kudyetsa amasiye chaka chathunthu.

Pamenepo Gang'a anamasula mchira nati ali ndi uthenga wochokera kwa Manthu.

"Mayi akuti chikole chanu n'chabwino. Sanasungepo chikole chotere. Akuti za kubweza musafulumire. Akutinso pa chikole chomwechi akhoza kukupatsani madengu ena makumi anayi, lero lomwe."

Bwalo linasokosera. Mvuu anati ichi ndiye chisomo: akuluakulu abwezeredwe chimanga chawo chimene chinalowa molakwika, makumi anayiwo agawidwe khomo ndi khomo, ena afulire mowa wothokoza. Gologolo anakuwa kuti makumi anayi a lero ndi makumi asanu ndi atatu a mawa, koma mawu ake anamira. Sanali akuluakulu okha amene ankaomba m'manja. Mbewa ankaomba. Fuko nayenso ankaomba, maso ali kumbali.

"Iwenso, Fuko?"

"Ana anga ali ndi njala lero, mnzanga. Ngongole ndi ya mawa."

Mfumu inati onse anena zoona. Chaka chino chokha.

Pobwerera kuchulu Gologolo sanayang'ane m'mbuyo. Zimene zinamupweteka si Njati, pakuti Njati anali Njati. Zinamupweteka n'zakuti anadzigulitsa yekha. Ngaka uja anamugubuduza, mvula ija ankailosera, zonsezo zinali kukweza mtengo wake. Akachenjera kumudzi ankamubweza kuchulu, akachenjera kuchulu mudzi unkakongola zambiri. Anaimba nyimbo yake masiku angapo, koma pofika pa mpata wa ovomera ankangokhala chete osapitirizanso.

Ndiye anaganiza kuti ngati nzeru zamumanga, uchitsiru um'masula. Chikole chikapanda ntchito, Manthu adzafuna chimanga chake. Ndipo chiswe chikaopseza mizati, amene ali ndi mizati yambiri ndi amene adzathamange kukalipira.

Anayamba pang'onopang'ono. Nkhanga zinabwera, iye ali gone. Anadzipaka matope, nasiya dovu likuchucha. Akafunsidwa za mitambo ankayankha za mtedza. Tsiku lina kumwamba kuli mbee anakuwa kuti mvula yafika. Ngumbi zinatuluka zambirimbiri, zinapeza nthaka ili gwa, mbalame n'kuzitola zonse. Kodi anamva chisoni? Anamva, koma pang'ono. Anachita zimenezi miyezi itatu, osaimba, osadziyankhula, kuopa kuti angamveke wanzeru. Kusungulumwa kwa poyamba kunali kwabwino, pakuti nthawi ija anali ndi iye mwini wocheza naye.

Potsiriza Manthu anayankhula pa una. Sanakalipe, pakuti Manthu sakalipa. Anangoti chikole chaola, ndipo Gang'a apite nacho kumudzi akanene kuti abweze zonse, apo ayi chiswe chibwera. Kenako anamuitanira Gang'a m'kati kanthawi. Gologolo anayenda njira yonse akudzandira ngati woledzera, mumtima akuvina.

Pabwalo anamukhazika pambali, dovu lili chuchuchu. Nachisale atamuona anagwira pakamwa. Naliyela, amene tsopano ankayankhula, ankasewera ndi timiyala pa mapazi a amake. Gang'a anamasula mchira.

"Mayi akuti chikole chaola. Bwezani madengu zana pofika mawa. Mukalephera, bweretsani chikole china cha magazi omwewa, chaching'ono, chosaola msanga. Mukakana zonse ziwiri, tiyamba ndi mizati ya nkhokwe."

Mawu a pakatiwo Gologolo sanawamve kuchulu. Wa magazi ake, wamng'ono, analipo mmodzi yekha. Anafuna kudzuka, koma anadzigwira. Anati mumtima mwake: awa ndi anansi anga, mwana anabadwira m'manja mwawo. Nkhokwe ziwiri za Njati ndi ziwiri za Mvuu zikhoza kutha nkhani yonse. Ndidikire.

Fuko ndiye anayamba kuima. Ananena zimene Gologolo ananena zaka ziwiri zapitazo, kuti amene ali ndi zambiri athire zambiri. Anawonjeza kuti iye analakwa kuomba m'manja chaka chatha. Ang'onoang'ono anavomera. Njati anayang'ana mwanayo, ndipo ndikhulupirira kuti mtima wake unagwedezeka ndithu. Anati apereka nkhokwe imodzi, Mvuu akayamba. Mvuu anati apereka, Njati akayamba. Nguluwe anati iye adikira awiriwo. Anakankhirana choncho mpaka dzuwa linafika pamutu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Kenako Mvuu anapeza njira, monga ankapezera nthawi zonse. Anati tiyeni tiganize mofatsa. Kuchulu kulibe njala. Mwanayo akadya bwino kuposa ana onse a m'mudzi muno, ndipo bambo ake odwalawa abwerera kwawo akasamalidwe. Kodi pamenepa waluza ndani?

Nachisale anaima. Sanali mayi woyankhula pabwalo.

"Mfumu, ine ndathira lichero zaka ziwiri, m'munda ndili ndekha. Mowa wothokoza uja sindinamwe. Mwanayu pamene munkakongola anali m'mimba. Wadya chiyani chimene akalipire?"

Mfumu Ntchefu inapukuta m'maso, pakuti inalidi ndi chisoni. Inati Nachisale wanena zoona, Fuko wanena zoona, Njati ndi Mvuu nawonso sanakane kupereka, kungoti nthawi yachepa. Mwana apite. Chaka chino chokha.

M'mawa mwake anapita kuchulu anayi: Gang'a, Gologolo, Nachisale ndi Naliyela. A m'mudzi sanaperekeze, aliyense anali ndi chochita kumunda. Nachisale anamumangira mwanayo kaphukusi ka mtedza. Sanalire. Atafika anagwada pa una napereka moni kwa Manthu, kenako anatembenukira kwa mwamuna wake, amene iye ankakhulupirira kuti mutu unasokonekeradi.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Ndikakusambitseni."

Gang'a anamasula mchira wa Gologolo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri panalibe chomugwira. Njira ya kwawo inali pomwepo, ndipo mkazi wake anali atamugwira dzanja. Gang'a anayenda molunjika kumchira wa Naliyela, mano ali yasa.

"Taima," anatero Gologolo.

Mawuwo anatuluka oyera, opanda dovu. Anapukuta pakamwa, nasasa matope, nakwera pa una.

"Mayi, mvula ibwera mkuja madzulo, yochokera kumpoto, ndipo ndi yeniyeni. Ngaka wayamba kukumba kunsi kwa chulu, mbali ya kuchigwembe, masiku anayi apitawo. Khoma la kum'mawa lili ndi mng'alu umene asilikali anu sanaupeze."

Manthu anatuma chiswe kukaona. Chinapeza dzenje la Ngaka, chinapezanso mng'alu.

"Ndiye kuti unkandinamiza," anatero Manthu.

"Miyezi itatu, Mayi, inu osadziwa. Mwanayu sadziwa n'komwe kuswa mtedza. Mudzamudyetsa zaka zingati asanakuuzeni za mvula? Chikole chanu sichinaole. Chili pano."

"Ngumbi zanga zinafa."

"Zinafa. Sizidzafanso."

Kenako Manthu anayankhula, mofatsa monga mwa masiku onse. Anati chikole chonamiza chulu chonse miyezi itatu n'chamtengo kuposa mmene ankaganizira, ndipo achisunga. Koma za kupita kumudzi pokolola zatha, pakuti wotere sapatsidwa njira kawiri. Gologolo anavomera. Anapempha kuti Manthu asakongozenso mudzi pa dzina lake, Manthu nati imeneyo ndi nkhani ya iye ndi mfumu, chikole sichilowererapo. Ndiye anapempha chimodzi chokha, kuti mwanayo asadzakhudzidwe.

"Uli moyo, sakhudzidwa," anatero Manthu. "Tsiku limene udzafe, kapena kupusa kwenikweni, ndidzatuma Gang'a. Mlandu suola."

Gang'a anabwerera nakaluma pamalo pake pakale.

Nachisale anayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Anafuna kumukalipira chifukwa chomunamiza nayenso, anafuna kumuthokoza, koma zonse ziwiri anazisiya. Anangomasula kaphukusi ka mtedza kaja nakaika pa mapazi ake. Anauza mwana kuti agwade atsanzike. Naliyela anagwada, chifukwa anali mwana woleredwa bwino, koma anacheukira kwa amake.

"Amayi, amenewa ndani?"

Nachisale anatsegula pakamwa, koma Gologolo anamutsogolera. Anadziwa kuti mwana akadziwa bambo ake adzayamba kubwera kuchulu, ndipo Manthu azidzamumva akukula, akuchenjera, mpaka adzamusirira.

"Ndine wa pano, mwanangu. Pita ndi amako. Kuno usamabwere, kumaluma."

Mwanayo anayang'ana Gang'a, nagwira chitenje cha amake. Anatsika chulu, Naliyela akufotokozera amake za timiyala take timene anasiya pabwalo. Gologolo anawayang'ana mpaka anakhota. Mwanayo sanacheuke, pakuti panalibe choti acheukire.

Kumudzi anakongolanso chaka chimenecho, ndi chaka chinacho. Kalichero kaja kakadali pa mtengo wa pabwalo, ndipo nkhani ya amene ayenera kuthira zambiri amaikambabe pokolola paliponse, mfumu n'kunena kuti onse anena zoona.

Koma Gologolo anasintha. Uja ankalumpha pa mitu ya njoka kuti anzake amutame anayamba kuyenda ngati wasenza mazira. Amadya ngakhale alibe njala, kuti asadwale. Mvula ikamagwa amabisala. Tsiku ndi tsiku amadziyesa nzeru, kuopa kuti zingayambe kuchepa iye osadziwa. Mukamuona lero, tsamba likangogwa, ali kale m'mwamba mwa mtengo, mtima uli phaphapha, ndipo ana amamuseka kuti ndi wamantha. Musamuseke. Moyo umene akuthawa nawowo sakuukonda ayi, anatopa nawo kalekale. Akuusungira mtsikana wina wa kumudzi, amene tsopano ndi wamkulu, amalima, amathira lichero lake pokolola, ndipo amadziwa kuti bambo ake anamwalira iye ali wakhanda.

Nthano yanga yathera pachulu pomwepo. Kwawo sinafike.